Gitala wa Abambo M'nyimbo ya Wina

Loweruka lililonse masana ndinkakwera masitepe a kuseri kwa sitolo ya zitsulo n'kukagogoda pa chitseko chomatidwa masiponji. M'kati mwake munali situdiyo, kachipinda kopanda zenera, konunkha fumbi ndi mawaya otentha. Kunyumba ankadziwa kuti ndimapita kukalondola ntchito ya nyimbo za abambo. Zinali zoona, kungoti ndinkapitanso kukaona munthu amene ankagwira ntchitoyo.

Anzake ankamutchula kuti Makutu. Ena ankati n'chifukwa amamva zimene ena samva, ena ankati mungomuonera kumbuyo mudziwa nokha. Iye sankatsutsa mbali iliyonse.

Abambo anga anaimba gitala moyo wawo wonse, mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa pabafa. Dzanja lamanja linafa, ndipo mawu anawatsalira ochepa, otuluka limodzilimodzi movutikira. M'kabati mwawo munali makaseti, masidi ndi hadidiraivu yodzaza nyimbo zimene sanazimalize. Adokotala atatiuza kuti tisayembekeze kuti adzagwiranso gitala, ndinanyamula zonsezo kupita nazo kwa Makutu kuti atikonzere chimbale chimodzi, abambo achimve akadali ndi moyo. Umu ndi mmene tinadziwirana. Chikondi chinabwera pambuyo, mwakachetechete, tili mbali ndi mbali kumvetsera mawu a munthu amene sankathanso kuyankhula.

"Aphunzitsi afika," anatero tsiku limenelo osatembenuka, mahedifoni ali m'khosi. "Ndakumva uli pansi. Nsapato yako yakumanzere imalira."

"Uikonze ndi kompyuta yakoyo."

Anandikokera mpando. Pa sikirini panali mizere yopingasa yambirimbiri, yamitundu yosiyanasiyana, yondondozana kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Nditayamba, zonsezi zinali mulu umodzi," anatero. "Abambo ako dzanja anali nalo, koma kusunga zinthu, ayi ndithu. Taona mayina amene ankapatsa mafayilo."

Anatsegula foda yakale, ine n'kumawerenga. Panali "yatsopano", "yatsopano yeniyeni", "iyi ndiye yeniyeniyo", "musafufute", "ndati musafufute". Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kusiya. Ndinawamva abambo m'mayina amenewo, mmene ankayankhulira asanadwale.

Makutu sanandiletse. Anadikira, kenako anandionetsa zimene anachita.

"Tsopano chilichonse chili pakwawo. Mzere uliwonse ndi chida chimodzi. Ng'oma ndaziika pamwamba, zofiirazi. Pansi pake besi. Achikasuwa ndi magitala, woyambayo ndi wotsogolera, enawo ndi operekeza. Oyerawa ndi mawu awo. Ndikafuna kumva chimodzi chokha, zinazo ndimazitseka pakamwa."

Anadina, ng'oma n'kukhala chete, besi n'kukhala chete. Munatsala gitala yekha, ndipo ndinamva ngakhale kukhuza kwa zala pa zingwe.

"Kachidutswa kalikonse ka gitala ndakadula n'kukapatsa dzina lomveka," anapitiriza. "Liwiro lake, kiyi yake, ngakhale mtima wake. Ukalemba apa kuti gitala wachisoni, wapang'onopang'ono, pulogalamuyi imakubweretsera pompo."

"Mtima wake umaudziwa bwanji?"

"Ndimamvera. Tina ndimakhala nato tsiku lathunthu ndisanadziwe ngati tikulira kapena tikungoganiza."

Anavula mahedifoni, n'kuwavalanso, chizindikiro chakuti pali mawu amene akumulemera.

"Ndikufuna ndibwere kwanu."

"Kudzatani?"

"Pali nyimbo imodzi imene sindingaimalize popanda eni ake. Komanso ndatopa ndi kukuperekeza mpaka pangodya n'kubwerera ngati wakuba."

Ndisanayankhe, chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa Njiwa, woimba amene nkhope yake inali pa zikwangwani za m'misewu. Anali atakhalapo pachibwenzi ndi Makutu ine ndisanamudziwe. Makutu anandiuza yekha, nati zinatha kalekale. Koma Njiwa ankalowa m'chipindamo ngati munthu amene sanauzidwe. Anaika chikwama chake pa desiki, n'kuchotsa mahedifoni m'khosi mwa Makutu ndi manja ake.

"Asisi a makaseti akadali pano?" anafunsa akundimwetulira. Kenako anatembenukira kwa iye. "Nyimbo yanga ija ikusowa kanthu. Ng'oma zilimo, besi alimo, koma mulibe chogwira mtima."

"Ndinakuuza kuti mbali yanga ndinamaliza," Makutu anayankha. "Zotsalazo akupangira abwana a situdiyo ino."

"Kale sunkandituma kwa abwana."

Ndinatola chikwama changa. Makutu ananditsatira mpaka pa masitepe.

"Ukawafunse amayi," anatero chapansipansi. "Akakana, ndimva. Koma ukawafunse."

* * *

Ndinawapeza amayi akudzoza mafuta dzanja lakufa la abambo, chala ndi chala, monga ankachitira madzulo aliwonse. Pa kampando ka pambali pa abambo panali wailesi yaing'ono imene inkalira kuyambira m'mawa. Ndinadikira mpaka tili awiri m'khitchini, iwo akutsuka mbale, ine ndikupukuta.

"Mnyamata wa kusitudiyo uja akufuna abwere, abambo adzamve pamene wafika."

Amayi sanadzutse mutu. "Akufuna abambo ako okha?"

Ndinapitiriza kupukuta mbale. Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, abambo akowa ndawakonda, ndipo ndiwasamala mpaka tsiku limene Mulungu adzafune. Koma ndikuuze. Ndinakwatiwa ndi munthu amene ankamva chingwe chosakungika ali kuchipinda china, koma mwana akulira pambali pake osamumva. Iwe unabadwa iwo ali pa ulendo wa zoimba. Mchimwene wako anathyoka mwendo iwo ali pa ulendo wa zoimba. Anthu a nyimbo si oipa. Kungoti amakhala ali ndi mkazi kale, ndipo mkazi ameneyo sakalamba."

"Iyeyu saimba, amayi. Amangokonza za ena."

"Ndiye kuti zinamulowa kwambiri."

Anatenga mbale imene inali m'manja mwanga, n'kuipukutanso ngakhale inali youma.

"Abwere chifukwa cha abambo ako. Tiyi ndimupatsa. Zinazo usandifunse."

Ndinamulembera uthenga ndili pakhonde.

"Akuti ubwere Lamlungu masana. Koma ngati wantchito, osati ngati mlendo."

"Ndivale chiyani?"

"Malaya opanda chithunzi cha munthu."

"Ndikabwereka."

Ndikumwetulirabe, panalowa uthenga wina wochokera pa nambala yachilendo. "Asisi, makaseti akatha mudzapeza chifukwa china chobwerera? Ndangofunsa." Ndinadziwa kuti ndi Njiwa, koma Makutu sindinamuuze.

* * *

Anafika atavala malaya oyera omukulira m'mapewa, atanyamula laputopu ndi timasipika tiwiri. Achimwene, amene anali ndi banja lawo kutsidya kwa tawuni, anabwera dala tsiku limenelo. Anakhala pa mpando wa pakhomo atapinda manja, n'kumayankha moni ndi mutu wokha.

Makutu anagwada pambali pa abambo. "Bambo, ndabwera ndi ntchito yanu. Pamene ndalakwitsa mundidzudzule."

Nyimbo yoyamba itayamba, abambo anatseka maso. Pakati pake anakweza chala cha dzanja lamanzere, n'kuloza m'mwamba. Ife tinayang'anana osadziwa chimene akufuna. Makutu anagwira mzere wa besi n'kuukweza pang'ono. Abambo anagwedeza mutu. Kenako anapinda chalacho ngati akukanda, ndipo Makutu anachepetsa gitala woperekeza. Anapitiriza chomwecho nyimbo ndi nyimbo. Ife tinkavutika kumva ngati abambo akufuna madzi kapena bulangete, koma awiriwa ankakambirana ndi chala chimodzi. Ndinaona achimwene atamasula manja.

"Pali ina iyi, bambo," Makutu anatero kumapeto. "Munailemba kuti ya mwana. Muli gitala yekha, koma chapatali mukumveka mayi wina akuimba chapansipansi, osatchula mawu. Mzere wake ndausiya wopanda dzina, chifukwa sindikudziwa kuti ndi ndani."

Anadina. Gitala analowa mofatsa, ngati munthu woyenda m'chipinda mwa wodwala. Kenako panamveka mawu a mkazi, aang'ono, onjenjemera.

"Zimitsani."

Anali amayi. Anaima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi m'manja. Makutu anazimitsa nthawi yomweyo. Achimwene anadzuka n'kuwalandira thireyiyo.

Ndinkadziwa kuti ine ndi achimwene tisanabadwe panali mwana wamkazi amene anamwalira asanayambe kuyenda. Sankatchulidwa m'nyumba mwathu. Za nyimboyo sindinkadziwa.

"Titabwera kumanda, anthu atabalalika, abambo akowa anakhala pabalaza n'kumaimba zimenezi," amayi anatero akuyang'ana khoma. "Ine ndinali kuchipinda, ndikupinda tizovala take. Sindinkadziwa kuti akujambula."

Misozi inkayenderera pa tsaya la abambo limene silinkagwedezeka.

"Pepani, amayi," anatero Makutu. "Ndikanadziwa sindikanaibweretsa."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Kodi mukhoza kusiyanitsa mawu ndi gitala? Tayambitsaninso. Mawuwo okha."

Anatseka gitala, n'kusiya mzere wopanda dzinawo. Tinamvetsera amayi, ali mtsikana wamng'ono kuposa ine, akuimbira mwana amene kunalibe. Itatha, amayi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zinazo tulutsani. Imeneyi isatuluke m'nyumba muno."

"Siituluka, amayi."

"Tamva tonse," anatero achimwene. "Mawu anuwo tawasunga."

Pamene ankalongedza timasipika take, amayi anayang'ana kapu imene inali pa tebulo.

"Tiyi wanu wazizira musanamwe. Mudzamwa wina Lamlungu likudzali."

Ndinamuperekeza, ndipo tsiku limenelo tinatulukira limodzi pageti, dzuwa likuwala, aneba akuona.

* * *

Anabwera Lamlungu lotsatira, ndi linanso. Amayi anasiya kumutchula kuti mnyamata wa kusitudiyo. Tsiku lina ndinawamva akumufunsa za makolo ake, ndipo ndinathawira kuchipinda kuti asaone nkhope yanga. Achimwene anayamba kumutuma kuti awakonzere foni. Chimbale chinatsala pang'ono kutha.

Kenako linafika Lachiwiri lija. Ndinali nditangobwera kusukulu, ndikuchonga makope pa tebulo. Amayi ankasita, abambo ali pa mpando wawo, wailesi ikulira pambali. Muulutsi anati ali ndi nyimbo yatsopano ya Njiwa, imene yavuta m'tawuni monse. Ndinafuna kudzuka kuti ndisinthe siteshoni, koma ndinati ndisadzionetse nsanje.

Ng'oma zinayamba, zothamanga, zovinitsa. Njiwa ankaimba za mwamuna amene amachoka koma amabwererabe. Kenako ng'oma zinaleka, ndipo panalowa gitala.

Ndinamuzindikira asanamalize mzere woyamba. Anali atamufulumizitsa pang'ono, koma kukhuza kwa zala kunali komweko. Ng'oma zinabwereranso pamwamba pake, n'kumamubwereza, kumubwereza.

Abambo anayamba kumenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, pakamwa pakutuluka mawu osamveka, misozi ili chuchuchu. Amayi anaima chilili, simbi ili pa malaya, mpaka fungo la kupsa linadzaza m'nyumba. Nyimbo itatha, muulutsi anatchula amene anaikonza. Anati Makutu.

Amayi anapita pa wailesi n'kuzula chingwe chake kukhoma.

"Mwana wanga akumuvina m'mabala," anatero ndi mawu otsika. Anandiyang'ana. "Unabwera naye ndiwe."

* * *

Madzulo omwewo ndinakwera masitepe a kusitudiyo aja. Ndinamupeza atakhala patsogolo pa kompyuta, manja ali kumutu. Atandiona anadzuka.

"Ndaimva masana ano. Ndimati ndibwere kwanu, koma ndimafuna ndidziwe kaye kuti zachitika bwanji."

"Ndiye mwadziwa?"

Anaima pomwepo. Kuyambira pamene tinagwirizana, ndinali ndisanamuitanepo kuti inu.

"Khala pansi ndikuonetse."

"Ndiima."

Anatsegula pulogalamu ija, n'kulemba m'kabokosi kofufuzira: gitala wachisoni, wapang'onopang'ono. Kachidutswa koyamba kubwera anakadina, ndipo gitala wa abambo analira m'masipika. Anazimitsa msanga.

"Tsiku limene ndinalonjeza amayi, nyimboyo ndinaichotsa muno. Ndinaiika pa hadidiraivu yanu, n'kuitsekera. Koma tizidutswa timene ndinadula poyamba tinatsala mu foda yaikulu ya magitala, mmene pulogalamuyi imafufuzamo. Ndinatiiwala. Kompyutayi ndi ya situdiyo, abwana amagwiritsanso ntchito yomweyi. Ankafuna gitala woika m'nyimbo ya Njiwa, analemba mawu amenewa, n'kuganiza kuti ndi zimene tinagula." Anatseka pulogalamu ija. "Ndikanasiya dzina limene abambo anapereka, palibe akanakagwira. Ndine ndinakakonzera njira."

"Dzina lanu alitchula pa wailesi."

"Chifukwa ng'omazo ndinapanga ndine, kalekale. Gitalayo sindinamumve mpaka lero. Ndikulumbira."

Ndinkafuna kumukhulupirira, ndipo mbali ina ya mtima wanga inali itamukhulupirira kale. Koma m'makutu mwanga munali mawu a amayi.

Chitseko cha kachipinda kojambuliramo mawu chinatseguka, n'kutuluka Njiwa. Anali mmenemo nthawi yonseyi.

"Ndamuitana kuti aichotse nyimboyo," Makutu anafulumira kunena.

"Asisi, ine ndilibe mlandu," anatero Njiwa akukhala pa desiki. "Ndinapempha chogwira mtima, kompyuta inandipatsa. Ndipo chagwiradi. Madala anuwo ayenera kunyadira."

"Ndi nyimbo ya maliro a mwana," ndinatero.

Kumwetulira kwake kunazilala pang'ono, koma kunabweranso. "Sindinadziwe. Pepani. Nyimbo ndi yanga, ndikhoza kuuza mawailesi kuti aileke, ndi pa intaneti ndikhoza kuichotsa. Koma ndikhala ndikutaya chinthu chachikulu." Anatembenukira kwa Makutu. "Ulendo wanga wa kunja ukuyamba Lachisanu, ndipo mpaka pano ndilibe wondikonzera zida ndi mawu. Ndakupempha kangapo, ukukana. Ukavomera, nyimboyo imwalira tsiku lomwelo."

"Ulendo wa miyezi," anatero Makutu. "Ndinakuuza kuti sindingasiye chimbale cha bambowa."

"Ndiye nyimbo ilira."

Makutu anandiyang'ana ngati munthu wopempha kuti amuuze chochita. Ndikanati usapite, sakanapita. Koma ndinali ndi mkwiyo, ndi manyazi, ndi fungo la malaya opsa lidakali m'mphuno.

"Konzani zimene mwawononga," ndinatero. "Mmene mukonzere, sizikundikhudza."

Ananditchula dzina ndili pa masitepe. Sindinatembenuke.

* * *

M'mawa mwake achimwene anapita kusitudiyo n'kukatenga hadidiraivu, makaseti ndi masidi onse. Anaziunjika m'katoni, n'kuzikankhira pansi pa bedi la abambo. Anandiuza pamaso pa amayi kuti munthu ameneyo akadzapondanso pageti, adzaonana ndi iwo. Amayi anabisa wailesi m'kabati.

Makutu analemba mauthenga. "Abambo ali bwanji?" "Ndikudziwa kuti ndalakwa." "Ungondiyankha liwu limodzi." Ndinkawerenga, n'kuika foni chafufumimba. Kangapo ndinalemba kuti usapite, n'kufufuta.

Abambo anasiya kudya. Ankatembenuza mutu supuni ikafika, maso ali pa kampando kopanda kanthu. Amayi ankati ndi chisoni cha zimene anamva, ndipo tonse tinkaganiza chomwecho.

Lachisanu ndinaweruka msanga. Ndili pageti, ndinaona uthenga wa Makutu umene unalowa ndili m'kalasi.

"Nyimboyo aichotsa lero m'mawa, paliponse. Uwauze amayi kuti lonjezo langa ndalikonza mmene ndikanathera. Ndanyamuka ndi gulu la Njiwa. Sindinafune, koma njira ina sindinaione. Chimbale cha abambo ndidzamaliza ndikabwera, ngati mudzandilole."

Ndinauwerenga kawiri. Kenako ndinalowa, n'kutenga mbale ya abambo imene amayi anali ataisiya pa tebulo, n'kukhala pambali pawo.

"Abambo, idyani pang'ono. Nkhani ija yatha. Nyimboyo aichotsa, simudzaimvanso."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya. Anagwira mkono wanga ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu moti supuni inagwa. Milomo yawo inalimbana ndi liwu kwa nthawi.

"Wa... wailesi."

"Amayi aisunga. Sakufuna muvutikenso."

Anapukusa mutu. Thukuta linatuluka pa chipumi.

"Ayi. I... ilire."

"Mukuti chiyani, abambo?"

"Gitala... wanga." Anapuma, n'kuyambanso. "Mwana... wanga. Amve... anthu."

Apa m'pamene ndinazindikira. Tsiku lija sankamenya mpando chifukwa cha ululu. Munthu amene dzanja lake linafa anadzimva akuimba pa wailesi, ndipo nyimbo ya mwana amene sankatchulidwa inali itatuluka panja. Misozi ija tinaiwerenga molakwa tonse.

Nditatembenuka, amayi anali pakhomo la khitchini. Anali atamva zonse.

"Mwana uja ankadwala iwo ali pa ulendo wa zoimba," anatero, akuyankhula kwa ine koma maso ali pa abambo. "Anafika atatsala ndi tsiku limodzi. Ndinawakhululukira. Koma lero akufuna amuperekenso ku nyimbo. Ikadzalira kachiwiri nyimbo imeneyo, m'nyumba muno mudzatsala inu ndi wailesi yanuyo."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Abambo sanasiye mkono wanga. Ankaloza foni imene inali pa miyendo yanga, n'kugwira khutu lawo, kenako n'kulozanso foniyo. Ankafuna Makutu.

Ndinaimba nambala yake. Inaitana nthawi yaitali. Itayankhidwa, ndinamva phokoso la injini ndi anthu akuseka chapatali.

"Usapitirire," ndinatero msangamsanga. "Tsika pamene ulipo. Abambo akukufuna, ndipo inenso ndiku..."

"Asisi a makaseti," anatero mawu a mkazi, modekha. "Tadutsa kale malire. Mwini foniyu wagona, watsamira phewa langa. Ndimudzutse, kapena mundiuza ine?"

Abambo ankandiyang'ana m'maso, akudikira kuti ndiwauze zimene wayankha.